Boti Lopanda Lupanga

Amene analipo tsiku limenelo ndi awa. Panali mwana wanga wamwamuna, amene amawotcherera zitsulo ku Bangwe. Panali alamu anga, achimwene awo a malemu akazi anga, atavala jekete ya kutchalitchi ngakhale kutchalitchiko sanafikeko. Panali atelala a ku Goliati amene anandisokera thanga, anabwera pa njinga, kofiya yoyera ili kumutu. Panali mkulu wina wa ku Chimaliro amene kale ankaphikira azungu pa esiteti, wogontha khutu limodzi. Panali mlonda wa pampu. Kumtunda, m'mizere ya tiyi, kunaima amayi angapo ochokera kopemphera, amene sindinawaitane koma ndinakondwa kuti aone nawo. Akazi anga panalibe. Ndikuwatchula chifukwa ndi okhawo amene akanandiuza kuti ndivale juzi.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, ndiye mukapeza mawu opindika awongoleni nokha. Koma ndinali kapitawo, ndipo osati kapitawo wamba. Funsani aliyense amene anathyolapo tiyi kumeneko, akuuzani kuti ndikaima pamwamba pa munda n'kukuwa kuti madengu abwere ku sikelo, ngakhale a kutsidya kwa mtsinje ankaimika manja. Wezulo sindinkaifuna ine. Ndisanakhale kapitawo ndinkakhoma mabokosi a tiyi ku fakitale, ndiye hamala ndi sowo si zachilendo m'manja mwanga.

Botilo linali la mzungu wina amene anali manijala ine ndili mnyamata. Lamulungu masana ankaliika pa damu lalikulu la esiteti, ine n'kukakhala kutsidya pa chitsa cha bulugamu, kumangoyang'ana. Injini linalibe, nkhafi linalibe, kansalu koyera basi. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti linkapita ndi mphepo, kenako n'kubwerera komwe mphepoyo ikuchokera, mokhotakhota ngati mayi wokwera chitunda atasenza nkhuni. Mzunguyo akafuna kukhota ankakuwa liwu limodzi, "Liyo!" Akatero ankakankha mtengo wa chiwongolero, kuweramitsa mutu, thanga n'kudumphira mbali inayo. Ndinaziona kambirimbiri. Mumtima ndinkati palibe chimene chandidutsa.

Mzungu uja anapita kwawo. Boti analisiya chovundikira kuseri kwa kanyumba ka pampu, ndipo linakhala pamenepo mpaka ine ndinamera imvi. Nkhuku za alonda zinkaikira pansi pake. Tsiku limene ndinapuma pa ntchito, amanijala a tsopano, amene ndinawaona akuyamba ali kalaliki wa sikelo, anandifunsa ngati pali chakale chimene ndingafune kutenga pa esiteti. Ndinati boti lija. Anaseka mpaka kuvula magalasi, kenako anati tengani, mukalikonzere pomwepo. Akazi anga atamva anati, "Anzanu akupempha malata, inu mukupempha chisa cha nkhuku."

Iwo ali moyo sindinalikhudze kwenikweni. Ndinkangopita kukaligogoda, n'kubwerako. Kenako anadwala, ndipo matendawo sanachedwe nawo.

Tsono mumvetse. Ine ndinali mkamwini ku Changata. Njerwa ndinaumba ine, denga ndinakhoma ine, koma dothi ndi la akuchikazi. Mwana wamkazi, amene akanasunga bambo wake pamudzi, sitinapatsidwe. Maliro atazizira anandisudzula monga mwa mwambo, ndipo alamu analankhula bwino ndithu.

"Alamu, palibe akukuthamangitsani. Kungoti tsopano mwamasuka."

"Nanga mbuzi mukaimasula ilibe khola, imalowera kuti?"

Anaseka, onse anaseka. Kwathu kwa amayi anga ndi kutsidya kwa malire, ndipo ndinachokako ndili kumsana. Palibe amene angandizindikire kumeneko. Posakhalitsa mdzukulu wa alamu anakwatiwa, ndipo ndinayamba kuona mwamuna wake akuyeza khonde langa ndi maso. Sindinadikire kuti wina andiuze. Ndinapita kwa amanijala, iwo anandilola kugona m'kachipinda ka mafosholo pafupi ndi pampu, malinga ndizikalipira anthu oponya maukonde m'damu. Ntchito imeneyo ndinaigwira popanda kudzuka pa mpando.

Pamenepo m'pamene ndinalitembenuza boti.

Linali lovunda ngati dzungu la chaka chatha. Penti yakale ndinaipala ndi magalasi a botolo losweka mpaka zala zinachita matuza. Matabwa ofumbwa ndinawachotsa limodzilimodzi, n'kumaikamo a mabokosi akale a tiyi amene ndinapempha ku fakitale. Phula anandigawira anyamata okonza msewu, ndinkaliwiritsa m'chitini pa mafuwa omwewo amene ndinkaphikirapo. Mlongoti ndinadula bulugamu wowongoka, n'kumuumitsa pamthunzi kuti asang'aluke. M'mawa nkhungu ikadali pa madzi ndinkakhala nditayamba kale, ndipo hamala inkamveka mpaka ku malayini, kunyumba za antchito. Ena ankati akapitawo akudzikhomera bokosi. Ndinawamva, n'kupitiriza kukhoma.

Masiku ambiri pakamwa panga sipankatuluka mawu kupatula okalipira akuba nsomba. Mlonda wa pampu ndi munthu wabwino, koma makutu ake amakhala pa wailesi. Munthu amene wakhala moyo wonse akumvedwa ndi munda wathunthu, kukhala chete kumamupweteka pachifuwa ngati chifuwa chenicheni. Ndiye ndinkalankhula ndi boti. Ndinkaliuza thabwa limene ndikufuna kuchotsa ndisanalichotse. Nthawi zina ndinkapezeka ndikulitchula mmene ndinkawatchulira akazi anga, kenako n'kuyang'ana kumbuyo ngati wina wamva.

Thanga lakale linadyedwa ndi makoswe. Ndinasonkhanitsa matumba a feteleza, kuwachapa, n'kupita nawo ku Goliati. Atelala anawatambasula pakhonde la sitolo, nawayang'ana, nandiyang'ananso ine.

"Akapitawo, ndasoka madiresi a ukwati, ndasoka nsalu za maliro. Ichi ndiye chiyani?"

"Malaya a mphepo. Sokani kawiri m'mphepetemu."

"Ikakana kuvala musadzandibwezere."

Anasoka bwino. Singano zinathyoka, koma sanadandaule, anangoti tsiku lokaliyesa ndidzawauze.

Tsopano ndinene za kabokosi. Pakati penipeni pa boti panali kabokosi kopyapyala, koima, kofika m'mawondo. Ukasuzumira pamwamba pake unkaona mpata wautali wotulukira pansi pa boti. Bowo, m'boti! Ndinakhala nalo masiku ndikuliganizira. Ndinaona kuti silinabooke lokha, munthu analipanga dala. Ndinati mwina mzungu uja ankaziziritsiramo mabotolo. Ndinati mwina ndi potayira madzi munthu akapanikizika pakati pa damu, poti azungu amachita manyazi. Chimene ndinadziwa n'chakuti kabokosiko kanali kovunda m'munsi, ndipo madzi akafuna polowera adzayambira pomwepo. Komanso kankatchinga malo. Munthu wachiwiri akanakhala pati?

Pansi pa boti, m'chiguduli, ndinali nditapeza thabwa limodzi lokongola kuposa onse, lalitali, losalala, lozungulira kunsonga, chiswe sichinalilawe n'komwe. Ndinati Mulungu wandisungira chigamba. Ndinazula kabokosi kaja, ndinadula thabwalo pakati, chidutswa china ndinatsekera bowo n'kumata phula kunja ndi m'kati. Chidutswa chinacho ndinakhoma chopingasa kukhala mpando. Mpando umenewo ndinaupala mpaka unkaterera. Unali wa mwana wanga.

Iye ankaimba foni pafupipafupi, pa kafoni kamene anandigulira yekha.

"Ababa, chipinda chilipo kuno. Apongozi anu akonza kale."

"Ine si katundu woti muzindisuntha!"

"Musakuwe ababa, foni imamva."

"Ndikulankhula bwinobwino ine."

"Mukugona ndi mafosholo. Mukadzadwala adzakuonani ndani?"

Nkhani inali imeneyo, nthawi zonse imeneyo. Iye ankafuna kudzanditenga, ine sindinkafuna kupita. Ku Bangwe ndinafikako, ndikukudziwa. Nyumba zogundana, munthu ukatsokomola woyandikana naye amati pepani. Kumeneko ndikanakhala agogo okhala pakhonde, odikira kuitanidwa. Pa damu ndinali mwini chinthu. M'moyo wanga wonse nyumba inali ya esiteti kapena ya akuchikazi, munda wa akuchikazi, ngakhale mwanayo mwambo umati ndi wa amalume ake. Boti lokha ndi limene palibe akanati ndi la kwawo. Mwana wanga ndinamuuza kuti abwere Lamulungu adzaone, ndipo akadzaona sadzanenanso za chipinda.

Linali tsiku la mwezi wozizira, kumwamba kotuwa. Mphepo inkachokera kumbuyo kwa pampu, kutsetsereka ndi damu kulowera ku bango la kumapeto. Boti ndinali nditalipaka penti yobiriwira yotsala ku fakitale. Tinalikankhira m'madzi ine, mlonda ndi mwana wanga, ndipo linayandama mowongoka, osalowa ngakhale dontho. Ndinayang'ana alamu. Iwo anayang'ana nsapato zawo.

"Kwera," ndinamuuza mwana wanga. "Mpando wako ndi uwo."

"Yambani mwazungulira nokha ababa, tione kaye."

"Ukuopa?"

"Nkhafi ili kuti?"

"Boti ili silifuna nkhafi. Nkhafi ndi za asodzi."

Mkulu wa ku Chimaliro anali atakhala patali pang'ono pa mwala, akupuma, poti ulendo unamutopetsa. Ndinamuona akukweza dzanja ngati akufuna kunena kanthu, koma ndinayesa akundidalitsa. Ndinakweza thanga. Matumba a feteleza anafufuma, chingwe chinalimba m'dzanja langa, ndipo mtunda unayamba kubwerera m'mbuyo.

Zimene ndinamva pamenepo sindidziwa kuzilemba. Palibe injini, palibe phazi, koma ukuyenda. Madzi ankalira pansi pa matabwa ngati mwana akuyamwa. Minda ya tiyi imene ndinaiyenda ndi mapazi moyo wanga wonse ndinaiona koyamba kuchokera pakati pa damu, yosalala ngati bulangete, ndipo sindinaizindikire msanga. Chitsa changa cha bulugamu chija chinali chitaphukanso mitengo italiitali. Amayi aja kumtunda analuluta. Ndinamva atelala akuimba belu la njinga. Ndinakhala mowongoka, chifuwa patsogolo, kuti mwana wanga aone msana wa bambo wake.

Nditayandikira bango ndinati nthawi yakwana. Ndinadzaza chifuwa n'kukuwa "Liyo!" mwamphamvu kuposa mmene mzungu uja anakuwirapo. Ndinakankha chiwongolero, ndinaweramitsa mutu. Boti linatembenuka ndithu, mphuno yake inaloza cha kumene ndachokera. Koma silinapite kumene linaloza. Linayamba kuyenda cham'mbali ngati nkhanu. Ndinakoka chingwe, linapendekeka, likuyendabe cham'mbali. Ndinamasula, thanga linayamba kundiwomba kumaso. Ndinakuwanso liwu lija, ndinalikuwa m'Chichewa, ndinatukwana m'Chilomwe. Boti linangotsetsereka pang'onopang'ono, mwaulemu, mpaka linakalowa chambali m'bango n'kuima.

Ndinayesa kukankha ndi dzanja, bango linandicheka. Ndinazula mtengo wa chiwongolero kuti ndipime pansi, unalowa wonse m'matope osagunda polimba. Mphepo inali itakula, ikundikanikizira m'kati.

Ndinaimirira n'kuitana. Anthu aja ankaoneka ang'onoang'ono ngati nyerere pa khoma la damu. Ndinaitana mwana wanga ndi dzina lake, ndi mawu omwe aja amene ankaimitsa anthu kutsidya kwa mtsinje. Palibe anatembenuza mutu mosonyeza kuti wamva. Mphepo inkatenga mawuwo pakamwa panga pomwe n'kukawataya kumbuyo, m'bango, kwa achule. Ndinakuwa mpaka kukhosi kunawawa. Kenako chiperoni chinatsika kuchokera kumapiri, kamvula kosalekeza kaja, ndipo khoma la damu linazimirira pamodzi ndi anthu ake.

Ndinatsitsa thanga n'kulifunda. Linkanunkhabe feteleza. Ndinakhala pansi m'boti, moyang'anana ndi mpando wopanda munthu uja, madontho akusonkhana pamwamba pake n'kumatsetsereka poti ndinaupala bwino. Kunali zii. Kambalame kena kanatera pa mlongoti, kanandiyang'ana, kanapita. Ndinaganiza kuti ndikanagwera m'madzi pamenepa, mawa pampu ikanalira monga mwa masiku onse, madengu akanapita ku sikelo, ndipo mwamuna wa mdzukulu wa alamu akanapitiriza kukhala pakhonde langa. Ndinawauza akazi anga kuti boti layenda. Ndinawauza mokweza, poti panalibe wondimva. Ndinawauzanso kuti ndikuzizidwa.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinamva bango likuthyoka, kenako kupuma kwa munthu. Anali mwana wanga. Anazungulira damu lonse kudzera m'tiyi, nalowa m'matope ndi thalauza lake la Lamulungu, madzi akumufika pachifuwa. Nsapato imodzi inatsala momwemo. Anagwira mphuno ya boti n'kulikoka pang'onopang'ono mpaka polimba, kenako anatembenuka n'kundipatsa msana. Ndinati ndiyenda ndekha. Miyendo inakana. Anandibereka mpaka pa msewu wa mathirakitala, ndipo kuchokera pamenepo ndinayenda ndekha, ndikunena zoona, ndinayenda ndekha.

Titafika pa pampu, amayi aja anali atapita. Mlonda anali atasonkha moto. Atelala anandiveka jekete yawo, nati thanga lawo lilibe mlandu, aliyense waona kuti linakoka. Ndinavomera. Pamenepo mkulu wa ku Chimaliro anasendera pafupi, akulankhula mokweza monga amachitira ogontha.

"Akapitawo, ndimakufunsani muja mumanyamuka. Lupanga munaliika?"

"Lupanga lanji?"

"Thabwa lija lalitali. Ife kukhitchini tinkalitcha lupanga. Ndinkalinyamula ine kuchokera ku nyumba, pamodzi ndi basiketi ya masangweji. Bwana akangochoka pamtunda ankalilowetsa m'kabokosi ka pakati, lonse, mpaka litulukire pansi m'madzi."

"La chiyani?"

"Kaya. Koma tsiku lina ndinaliiwala, anandibweza kukalitenga. Anati popanda limenelo boti limapita koma silibwerera."

Moto unkathetheka. Mwana wanga anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti mpando uja anauona bwino pamene ankakoka boti, ndi nsonga yake yozungulira. Alamu ndi amene anatsegula pakamwa.

"Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma alamu, inu ndiye mwachita kuliwiritsa."

Mlonda anaseka n'kudzigwira pakamwa. Ine ndinayankha kuti phula langa silinalowetse madzi, ndipo pakati pa anthu onse okhala pamotopo ndine ndekha amene ndafika pakati pa damu. Zimenezo n'zoona mpaka lero. Ndinanenanso kuti thabwa lina lipezeka, bowo ndilitsegula, kabokosi ndikhoma kena, pofika mwezi wa mawa adzaona. Ndinalankhula nthawi yaitali. Mawu anali atasasa, koma ndinalankhula. Mmodzimmodzi anatsanzika. Atelala anaiwala dala jekete yawo.

Ndikulemba izi pakhonde ku Bangwe, pa tebulo limene adzukulu anga amalembera za kusukulu. Mlonda anandiuza pa foni kuti boti analikokera pamtunda n'kulivundikira pamalo pake pakale. Thabwa loyenera ndinaliona kwa akalipentala ena kuno, la mkungudza, ndipo ndinaligogoda. Apongozi anga ndi munthu waulemu. Amangondipempha kuti ndikamapereka moni kwa odutsa ndizichepetsa pang'ono, mwana wa oyandikana nawo amadzidzimuka.

Anthu amayesa kuti anandichotsa pa damu ndi manyazi. Ayi. Manyazi ndikanawapirira, ndapirira zambiri. Tsiku lomwelo onse atapita, dzuwa lisanalowe, tinatsala awiri m'kachipinda ka mafosholo. Mwana wanga anakhala pa ndowa yovundikira, phazi limodzi lopanda nsapato, matope akuuma m'miyendo. Ine ndinayambanso kumufotokozera za kabokosi, muyeso wake, ndi mmene boti linayendera popita, kuti ngati anaona bwino sangakane kuti linayenda. Anandisiya ndimalize.

"Ababa, boti lanulo ine sindinalione n'komwe. Ndimayang'ana malo amene mumirire, kuti ndidziwe polowera. Ndipo kusambira sindidziwa. Mukakhala kuno mudzakweranso, ine ndidzalowanso m'madzi, tsiku lina tidzatsalamo tonse awiri. Ndili ndi ana, ababa. Loweruka ndikubwera ndi galimoto."